Telala Afupikitsa Njinga

Mlendoyo anatulukila m'mawa wa Loweluka, mvula itangokata, nthunzi ikukwela m'minda ya chimanga ya ku Kaumbwe ngati nthaka ikupuma. Anali nkhalamba yowonda ngati bango, ovololo yake yofwifwa, majombo ake olemela ndi matope, ndipo anali kukankha njinga yofiila ya belu lonyezimila. Palibe anamuona akutsika galimoto, palibenso anadziwa njila imene anadzela. Anadutsa pachigayo, anadutsa azimai ogulitsa bowa, nakaima pakhonde la telala ngati munthu amene malowo anawaona kale m'maloto.

"Odi. Ndi pano pa a Malama?"

Aaron Malama anachotsa phazi pa makina osokela. Maso ake sanachedwe pa munthuyo, anathamangila pa njinga.

"Yafika," anatelo, akulavula phini amene anali m'kamwa. "Misozi, tuluka udzaone. Abwana ako a ku Nyimba atumiza katundu wawo."

Njingayo inali ndi nkhani yake. Misozi, mwana mmodzi yekha wa Aaron ndi mkazi wake Perpetua, anali kuyamba sukulu Lolemba, ndipo sukuluyo inali kutsidya kwa dambo, mtunda woti timiyendo ta mwana tikanafika anzake atayamba kale kuyasamula ndi njala. Nkhaniyi inagwa m'makutu a amalume ake a Perpetua, a Daka, mwini mbumba, amene anali atangobwela kumene kuchokela ku migodi ya ku Chingola n'kumanga nyumba ku Nyimba, pafupi ndi sukulu. Chigamulo chawo chinabwela pa foni, chachifupi ngati mchila wa mbuzi. Atumiza njinga, ndipo pa Sondo abwela kudzaona ndi maso awo. Mwana akamapalasa bwino, akhale ndi makolo ake. Akalephela, apita naye ku Nyimba akaphunzile kumeneko.

Kwa Ansenga mau a mwini mbumba sagwa pansi, ndipo Aaron, ngakhale anali Mbemba wa ku Kasama, sanafunike womumasulila, pakuti kwawonso mwana ndi wa kuchikazi. A Dakawo sanawaonepo. Paukwati sanabwele, anali pansi pa nthaka kukumba kopa, ndipo Perpetua akamalankhula nawo pa foni, Aaron ankakumbukila mwadzidzidzi kuti mbuzi sizinamwe madzi. Motelo anawasokela yekha thupi m'mutu mwake: chimunthu cha mimba yotsogola, suti yakuda, galimoto yotseka magalasi. Akaganiza za chimunthucho, kenaka n'kuyang'ana pansi pa makina pomwe Misozi ankakhala tsiku lonse akutola tinsalu ndi kuimba nyimbo zopanda mutu, mtima wake unkamila ngati mwala m'chitsime. Khonde lija popanda kamwana kaja likanakhala ngati ng'oma yong'ambika.

Perpetua anali ku Luembe kudwazika amai ake, kudela kumene foni imagwila munthu akakwela pachulu. Tsiku lonyamuka anamugwila dzanja mwamuna wake panjila ya kumsewu, monga ankachitila ali pachibwenzi, nati, "Atate ake a Misozi, chikakukanikani muzifunsako anthu." Aaron anaseka. Munthuyu anali wabwino mtima, wodziwa singano, koma anali ndi nthenda imodzi: kwa iye kufunsa kunali ngati kuvula pamsika. Njila sankafunsa, mtengo wa nsalu sankafunsa, ndipo kasitomala akayamba kufotokoza m'mene afunila malaya ake, iye ankamudula pakamwa kuti diso la telala linaona kale.

Misozi anatuluka akuthamanga, naima chilili, manja pakamwa. Anakhudza belu ndi chala chimodzi ngati lingauluke. Atate ake anamunyamula n'kumukhazika pachishalo. Manja anafika pa mahandulo, koma phazi linalendewela m'mwamba. Pakati pa chala chake chachikulu ndi pedalo ya m'munsi panatsala mpata wolowa chikhatho, ndipo nthaka inali kutali koposa.

"Yakula pang'ono," inatelo nkhalamba ija. "Ndiye chifukwa chake ndati..."

"Inu ntchito yanu yatha, madala. Mwabweletsa, zikomo." Aaron anagubuduza ndowa ndi phazi n'kuivundikila. "Khalani apa mupume. Mpando uwo musaukhudze, ndauchapila mlendo wa mailo."

Nkhalambayo inayang'ana mpando, inayang'ana ndowa, nikhala pa ndowa.

"Ndamva lilime lanulo," anapitiliza Aaron akufufuza sipanala m'kabati. "Ndinu wa konkuno, odya mbewa."

"Nanenso ndamva lanu. Anyani a ku Kasama anatha, mwabwela kudzayamba athu?"

Aaron anaseka mokondwa. Pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa pali chimbuya, chibale chotukwanizana popanda mlandu, ndipo munthu akapeza mbuya wake amamasula lamba wa pakamwa. Kuyambila pamenepo Aaron anaona kuti nkhalambayi angaiuze chilichonse.

Kutsitsa chishalo ndi ntchito imene ngakhale mwana wa kuno ku Petauke amaidziwa, koma njinga iyi inali ya mtundu wina. Bawuti wogwila chishalo analibe makona oti sipanala igwilepo. Mutu wake unali wobulungila, wosalala, ndi kabowo pakati ngati mchombo. Sipanala inatelela. Pulayala inatelela n'kumuluma Aaron chala. Analowetsa msomali, msomali unapindika. Analowetsa nsonga ya sizasi yake yodulila masuti, nsongayo inathyoka n'kuulukila m'bowa wa azimai aja. Pomaliza anatenga simbi ya makala n'kumenya chishalo pamwamba kuti chitsike ndi mantha, koma chishalo chinangomuyang'ana.

"A Malama, bawuti ameneyo..." Nkhalamba inali italowetsa dzanja m'thumba la pachifuwa.

"Bawuti ameneyu ndi chiwembu," anatelo Aaron, akuyamwa chala. "Inu simudziwa kanthu, mwangopatsidwa katundu kuti mukankhe. Munthu wamkulu, wodya penshoni ya mgodi, wasankha dala njinga yosamasuka kuti mwana alephele, amutenge. Ndimawadziwa bwino a Daka."

Dzanja la nkhalamba linatuluka m'thumba muja pang'onopang'ono, lopanda kanthu.

"Mumawadziwa?"

"Ngati chikhatho changa. Munthu wouma mtima. Kwawoko ngakhale nkhuku zimagwada poikila mazila. Akatsokomola, ana a m'mudzi amathawila m'chimanga. Mimba yokha imafika pamsonkhano, mwini wake akali kunyumba kumanga nsapato."

Nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe, ndowa ikulila pansi pake. Itapuma inapinda manja pachifuwa, nitambasula miyendo ngati munthu amene wapeza malo abwino pa bwalo la mpila.

"Pitilizani ntchito, mbuya wanga," inatelo. "Ine ndingoonelela."

Nzelu yoyamba ya Aaron sinali yoipa. Ngati chishalo chikana kutsika, mapedalo akwele. Anadula tizipika tiwili ta mtengo, natimangilila pa mapedalo ndi mphila ya chubu, kenaka, pokhala telala, anatikulunga ndi nsalu ya chitenje kuti tioneke bwino. Misozi anakwela, mapazi anafika, ndipo atate ake anagwila kaliyala n'kuthamanga pambuyo. Mwanayo anali ataphunzila kale pa kanjinga ka mnzake, motelo sipanatenge nthawi. Aaron anangozindikila kuti m'manja mwake mulibe kanthu, ndipo kadilesi kachikasu kakuuluka kutsogolo ngati gulugufe, belu likulila, nkhuku zikubalalika.

"Onani, madala. Onani magazi a ku Kasama."

"Ndaona. Nanga poima atsika bwanji?"

Funsolo linafika pamodzi ndi yankho lake. Pafupi ndi chigayo Misozi anagwila mabuleki, njinga inaima, timiyendo tinafunafuna nthaka m'malele, ndipo mwana ndi njinga anapendekeka mwaulemu n'kugwela pa mulu wa gaga. Aaron anathamangila komweko. Mwanayo anadzuka ali mbuu kuyambila kutsitsi mpaka kumapazi, akulavula gaga ndi kuseka.

"Atate, ndibwelezenso."

Koma Aaron sanaseke. Anaona m'maganizo mwake dambo lija, madzi ali m'mbali mwa njila, ndi mwana wake akugwa kopanda gaga womulandila. Anaonanso chimunthu cha suti yakuda chikupukusa mutu.

Nzelu yachiwili inali yofooka. Anaphwetsa matayala onse awili kuti njinga ifupike. Inafupikadi, ndi chala chimodzi, koma inalemela ngati ngolo yotitimila m'matope. Misozi anapalasa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekela, nayenda mtunda woti kamba akanamupitilila n'kumudikila kutsogolo.

"Mbuya," inaitana nkhalamba ili pa ndowa paja, "apa mwafupikitsa njinga kapena mwatalikitsa njila?"

Azimai a bowa anaseka mpaka kugwilana mapewa. Anali atasiya kale malonda, atatembenuza mipando yawo kuyang'ana kukhonde la telala. Aaron anapopa matayala aja mwakachetechete, thukuta likutsika m'khosi, makutu akutentha. Atawelamuka, maso ake anagwa pa thalauzi la mphunzitsi wina limene linali pa chingwe, lodikila kufupikitsidwa, ndipo nkhope yake inawala ngati ya munthu amene mngelo wamunong'oneza.

"Ndakhala ndikuganiza ngati makanika," anatelo, "pomwe ine ndine telala. Thalauzi likatalika sitikoka mwendo wa munthu. Timadula nsalu."

Anatenga tepi n'kuyeza mwendo wa Misozi kuyambila m'chiuno mpaka kuchidendene. Anayeza njinga kuyambila pansi, ndipo pa paipi yonyamula chishalo analemba mzele ndi choko, wowongoka bwino, monga amalembela pa suti ya ukwati.

Apa nkhalamba ija inaimilila. Kuseka kunali kutachoka pankhope pake.

"Musadule, a Malama."

"Khalani pansi, madala."

"Ndati musadule. Mwana amakula. Inu nomwe mukasoka dilesi la mwana mumasiya mpendelo waukulu kuti chaka chamawa mumasule. Chitsulo chilibe mpendelo. Ndipatseni njingayo kanthawi kochepa chabe."

Mauwo anamulasa Aaron penipeni, pakuti anali oona, ndipo anali a ntchito yake yomwe. Pakanakhala pawili, mwina akanameza malovu n'kupeleka njingayo. Koma mai wina wa bowa anakuwa kuti, "Amvelenitu achikulile, a telala, mwatopa," ndipo anzake anavomeleza ndi kuseka. Kuphunzitsidwa mpendelo ndi munthu wa matope, wodya mbewa, pamaso pa msika wonse, Aaron anaona kuti bola kumeza singano.

Anamwetulila kumwetulila kwa munthu wobisa mpeni kumbuyo.

"Mwanena zoona, mbuya. Ndikupatsani. Koma mlendo sagwila ntchito ndi njala, Perpetua angandidule makutu. Misozi, pita nawo kuseli agogowa, uwathilile madzi asambe m'manja. Tiyi ali m'fulasiki, vitumbuwa vili m'mbale."

Chakudya sachikana pakhomo pa munthu. Nkhalambayo inatsatila mwana kuseli kwa nyumba. Chitseko chisanaleke kugwedela, Aaron anali atanyamula njinga paphewa, akudula njila ya kuseli kwa chigayo.

Chance, wowotchelela zitsulo, ankagwilila ntchito pansi pa mtengo wa mango, pakati pa makasu othyoka ndi mapulawo opanda mano. Anakankhila magalasi ake akuda pamphumi, nazungulila njingayo akuimba mluzu.

"Iyi ndi yabwino, a Malama. Bawuti uyu sanachite dzimbili, ali ndi kakiyi kake kokhota. Ine ndinali nako, anabweleka anthu. Amene wabweletsa njingayo alibe?"

"Wamatope uja alibe ngakhale lamba wa m'chiuno."

"Mwamufunsa?"

"Chance, ine ndabwela ndi choko, iwe uli ndi sowo. Dula apa."

Chance anakweza mapewa. Iye lamulo lake linali lakuti mwini chitsulo ndiye mwini mzele. Atangoika sowo, Aaron anamugwila mkono, nakumbukila mwana akugwa pa gaga, natsitsa mzele uja ndi zala zina ziwili, kuti mapazi akafike pansi mosakayikitsa. Sowo inayamba kulila. Inadula paipi ya chishalo pamodzi ndi bawuti wake wamwano, inadulanso timapaipi tiwili totsikila ku tayala la kumbuyo, pakuti tonse tinakumana pamenepo. Kenaka jeneleta inabangula, ndipo moto wa buluu unayamba kulavula nyenyezi masana.

Aaron anayang'ana kumbali kuteteza maso, nayamba kulota ali chiimile. Anaona Perpetua akutsika basi ndi kachikwama kake, Misozi akumuchingamila pa njinga, belu likulila. Anaona mkazi wake akumuyang'ana m'mene anamuyang'anila tsiku loyamba ku Petauke, atabwela kudzasoketsa yunifolomu ya kwaya n'kuiwala dala ambulela yake. Anaonanso a Daka akulowa m'galimoto yawo okhaokha, mimba itaphwa. Fungo la pulasitiki yopselela ndi limene linamudzutsa.

"Chishalo chalawako moto pang'ono," anatelo Chance. "Koma chagwila. Ichi sichidzasunthanso mpaka Yesu adzabwele."

Chidutswa chodulidwa chija anachimangilila pa kaliyala, monga telala amabwezela kasitomala nsalu yotsala.

Pobwelela Aaron sanadzele kuseli. Anadutsa pakati pa msika akukankha njinga, chifuwa chili patsogolo. Zinthu zina anaziona koma anazikana. Chishalo chinali chitasungunuka mbali imodzi, mphuno yake italoza kumwamba ngati mwanapiye wopempha madzi. Tayala la kumbuyo silinkatsata la kutsogolo, linkayenda m'njila yakeyake ngati galu wothamanga chammbali. Pamene panali utoto wofiila panali chipsela chakuda. Anthu anasiya zogula n'kumutsata.

Nkhalamba ija inali pakhonde, kapu ya tiyi ili m'manja. Itaona njingayo inaika kapu pansi mosamala.

"Kwela, mwanangu," anatelo Aaron. "Aonetse odya mbewa m'mene timasokela chitsulo."

Misozi anakwela. Mapazi anafika pansi, inde, anafika onse athunthu, maondo atapindika ngati wakhala pa mtondo. Atayamba kupalasa, bondo lililonse pokwela linkagunda mahandulo, ndipo la kumanja linkagunda belu, motelo njinga inkadziimbila yokha, ngili, ngili, ngili. Choipa koposa, inakana kupita kutsogolo. Mwana ankawongola, iyo inkakhotela kumanzele, mpaka inazungulila bwalo lonse n'kubwelela pomwe inayambila. Anayesanso, inabwelelanso.

"Atate, ifuna kunyumba."

"Iyi ndiye njinga yabwino," anatelo mai wa bowa uja. "Mwana sangasochele nayo. Koma kusukulu adzafika anzake atalemba giledi seveni."

Msika wonse unagwa ndi phwete. Aaron anamva ngati nyelele zamulowa m'malaya.

"Chitsulo chikali chofunda," analengeza mokweza. "Chifunika munthu wolemela achikhalile kuti chiwongoke. Tsika, Misozi."

"A Malama," inatelo nkhalamba motsitsa mau, "zakwana."

Aaron anakweza mwendo, nakhala pachishalo ndi thupi lake lonse, maondo ali m'makutu. Anapalasa kamodzi. Anapalasa kawili. Kachitatu kunamveka thyo, ngati nthambi youma, ndipo telala wa ku Kaumbwe anapezeka atakhala m'chithaphwi, chishalo chili pansi pake, miyendo ili m'mwamba. Moto wa Chance unali utadya chitsulo chopyapyala chija mpaka kuchisiya ngati chikamba cha dzila. Tayala la kumbuyo linagona chammbali, paipi itang'ambika mpaka pansi pa mapedalo, ndipo chimene chinagwilizitsa njingayo kuti isakhale ziwili chinali tcheni basi.

Anthu anaseka, koma kusekako sikunakhalitse. Misozi anali atagwada pafupi ndi njinga yake, akupukuta matope pa belu ndi dilesi lake. Pa gaga paja sanalile, koma tsopano anayamba kulila.

"Atate, mailo agogo a ku Nyimba akabwela ndikwela chiyani?"

Aaron anawelamitsa mutu. Madzi a m'chithaphwi anali kumulowa m'thalauzi, ozizila ngati chisoni chimene chinali kumugwila. Azimai aja anayamba kutembenuza mipando yawo mwakachetechete.

Nkhalamba inatsika pakhonde. Inamasula chidutswa chija pa kaliyala, nichitembenuza m'manja mpaka bawuti anayang'ana kumwamba. M'thumba la pachifuwa inatulutsa kachitsulo kokhota, kakang'ono ngati chala cha mwana, nikalowetsa m'kabowo kaja. Inapotoza ndi zala ziwili zokha. Bawuti anatembenuka mofewa ngati anali kudikila moni, ndipo mpini wa chishalo, umene unatsalila m'chidutswamo, unatsetseleka n'kulowa m'paipi ngati mpeni m'chimake.

"Basi," inatelo. "Ntchito yonse inali imeneyi. Kakiyi komweka kamabweletsanso mahandulo pafupi ndi chifuwa cha mwana. Njingayi inagulidwa yokulilapo dala, kuti chaka chilichonse muzikweza chishalo pang'ono, mwana akule nayo mpaka amalize pulaimale."

Aaron anayang'ana kachitsuloko ngati munthu woyang'ana basi imene yamusiya. Kanali m'thumba lija kuyambila m'mawa, pakhonde pake pomwe, kutalika kwa mkono umodzi kuchokela pamene iye anathyolela sizasi.

Nkhalambayo inawelama n'kumudzutsa Misozi, nimupukuta m'maso ndi chikhatho.

"Usalile, mdzukulu wanga. Pita ukasambe gagayo, uike zovala zako m'chola, ndi yunifolomu imene anakusokela atate ako. Galimoto ya ku Nyimba imadutsa dzuwa likapendeka. Sukulu Lolemba suiphonya. Ukakhala temu imodzi yokha. Atate ako akapeza njinga ina, ndi makutu, adzabwela kudzakutenga, ndipo kakiyi aka ndidzawapatsa ndi manja awili."

Apa Aaron anavuuka m'matope muja, madzi akuchucha m'thalauzi, chishalo chikali m'dzanja. Manyazi onse a tsikulo anasanduka ukali.

"Chimbuya chili ndi malile, madala. Mwanditukwana, ndaseka. Mwamwa tiyi wanga, sindinadandaule. Koma za mwana wanga amalamula ndi munthu mmodzi yekha, ndipo ameneyo abwela mailo ndi galimoto yake. Inu ndinu ndani kuti muuze mwana wanga kulongedza pakhomo panga?"

Nkhalambayo inabweza kakiyi m'thumba, nimanga batani, niyang'ana telalayo ndi maso ofatsa, momwe munali chisoni pang'ono ndi kuseka pang'ono.

"Limeneli ndi funso lanu loyamba lelo, mbuya wanga, ndipo labwela mochedwa. Ndinafulumila ndi tsiku limodzi kuti ine ndi inu tiikonze njingayi pamodzi, mailo ndidzangoombela m'manja. Uchi ndi phula zimakhala m'chisa chimodzi, ndipo wosadziwa amayenela kufunsa kuti chotsekemela ndi chiti. Akale sananame pamene anati safunsa anadya phula. Inu mwadya lanu, mwadyetsako ndi mwana. Koma popeza mwafunsa, ndikuyankhani. Ndine Abraham Daka, amalume ake a mkazi wanu."